Mabwinja a ku Roma ndi Mabwinja a Kwathu

Munthu ali yense wobadwira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adziwa cimene ciri bwinja. Ukamayenda m'chire kutari ndi midzi ya lero, umafika pena pamene udzu wamera mosiyana ndi ponse. Pali nsatsi ndi bonongwe, pali mzere wa nkhadze wosazinga kanthu, mapale ali mbwee, ndi mphero yakale yagona m'dothi, yokumbika pakati monga mbale. Pamenepo sufunsa munthu ai. Udziwa wekha kuti kale panali mudzi, panafuka utsi, panalira mitondo, ndipo ana anasewera pabwalo mwezi ulikuwala. Koma ukafuna kudziwa kuti mudziwo unali wa yani, unacokera kuti, ndi cimene cinaucotsa, bwinja likhala cete. Nkhani imeneyi ndifuna kukamba nanu, owerenga okondedwa, pakuti Mulungu anandicitira cifundo kuti ndikaone ndi maso anga limodzi la mabwinja ochuka a pa dziko lapansi, ndilo la Aroma akale. Ndipo cimene ndinazizwa naco kumeneko si ukuru wace wokha, koma kuti bwinja limenelo lilankhula.

Ulendo wa kumeneko suli wobvuta lero monga unali kwa mtumwi Paulo. Tinakwera ndege ku Lilongwe masana, ndi kutsika ku Addis Ababa madzulo. Pamenepo tinalowa m'ndege yina usiku, ndipo kutaca tinali ku Roma, m'dziko la Italy. Musayese kuti Roma ndi mudzi wakufa. Mukhala anthu oposa 2,500,000, ndi magalimoto ali piringupiringu usana ndi usiku. Koma pakati peni peni pa mudzi wamoyowo pagona mudzi wina wakale, wogumukagumuka, umene boma lauzinga ndi mpanda. Ndipo anthu a mitundu yonse aima pamzere ndi kulipa ndalama kuti alowe akaone miyala yosweka. Mnzanga wa paulendo, mkuru wa mpingo, poona mzerewo anati kwa ine, "Aphunzitsi, kodi kwathu munthu angalipe ndalama kuti aone bwinja?" Funso limeneli ndinayenda nalo masiku onse a ulendo.

Wotiperekeza wathu, mai wophunzira mbiri ya mudziwo, anayamba ndi kutikweza pa kaphiri kochedwa Palatino. Roma unamangidwa pa timapiri 7 pambali pa mtsinje wa Tiber, ndipo timapirito ntating'ono ndithu. Kali konse kangaoneke ngati culu pambali pa phiri la Kongwe. Aroma amati mudzi wao unayamba zaka 753 Kristu asanabadwe, ndi mfumu yao yoyamba inali Romulus. Pamwamba pa kaphiriko pali makoma akuru a nyumba za mafumu. Koma maiyo anatilambalalitsa onsewo, natifikitsa pa thanthwe pamene pali maenje ang'ono ondandalika mozungulira. Maenje amenewa anafukulidwa caka ca 1948, ndipo ndiwo maenje a nsici za nyumba zoyamba za Roma. Nyumbazo zinali za mitengo, zomata ndi dothi, zofolera ndi udzu, zosaposa mamita 5 m'litali. Ndinaima pamenepo ndi kuseka mumtima, pakuti ine ndinabadwira m'nyumba yotere. Anthu amene anadzalamulira kucokera ku Britain kufikira ku Aigupto anayamba monga makolo athu, kukhala pa phiri, kuweta nkhosa ndi kuotha moto wa nkhuni. Ndipo sanacite nazo manyazi. Pakuti olemba ao akale atiuza kuti pa phiri lomwelo anasunga kanyumba kamodzi ka udzu, nakacha nyumba ya Romulus, ndipo kakapsya kapena kukalamba anakakonzanso monga kanaliri, cinkana pozinga pace panali nyumba za miyala yonyezimira.

Potsika tinalowa m'cigwa cochedwa Forum, ndilo bwalo la mudzi. Poyamba panali dambo. Koma anakumba ngalande yaikuru yotaya madzi ku Tiber, ndipo dambolo linasanduka bwalo la milandu, msika, ndi malo a akacisi. Pano akuru a dziko anasonkhana kupangana za malamulo ndi nkhondo. Pano anaocha mtembo wa Julius Caesar, amene anzace anamupha zaka 44 Kristu asanabadwe. M'masiku a Kaisara Augusto, yemwe uja analamula kalembera pamene Ambuye anabadwa ku Betelehemu, m'Roma munali anthu monga 1,000,000. Koma taonani cimene cinadza pambuyo pace. Mudzi utacepa, dothi ndi zinyalala zinakwirira bwalo lija, nsanamira zina zinangooneka mitu yokha, udzu unamera, ndipo anthu anadyetsapo ng'ombe zao mibadwo yambiri, kufikira dzina la malowo linasanduka Campo Vaccino, ndiko kunena busa la ng'ombe. Zambiri zimene alendo aona lero zinafukulidwa ndi makasu ndi mafosholo kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Ngakhale bwalo la Roma linaiwalika, kufikira anauka anthu ofunsa.

Pamapeto pa bwalolo, pokwera, pali cipata ca mwala coima cokha copanda linga, cimene anamanga kukumbukira mfumu Titus itafa caka ca 81. Titus ameneyu ndiye anatsogolera asilikari amene anapasula Yerusalemu ndi Kacisi wace caka ca 70. M'kati mwa cipataco amisiri anasema cithunzi ca anthu alikusenza zofunkha za m'Kacisi: coikapo nyali ca mphanda 7, gome la mikate, ndi malipenga. Abale, zinthu zimenezi tinaziphunzira m'kalasi la ubatizo, ndipo tinamvanso kuti Ambuye ananeneratu za kupasuka kwa Kacisi uja. Koma kuona coikapo nyali cija cosemedwa ndi manja a mtundu umene unacilanda, ncinthu cina ndithu. Mmisiri wosadziwa Mulungu wa Israyeli anafuna kungotamanda mfumu yace. Koma mwala wace wasanduka mboni ya zimene tiwerenga m'Buku Lopatulika.

Pafupi ndi cipata cimeneci paima cinyumba cimene ambiri a inu munaona cithunzi cace, ndico Colosseum. Mfumu Vespasian, atate wace wa Titus, anayamba kucimanga monga caka ca 72, ndipo Titus anacitsegula caka ca 80 ndi masewera a masiku 100. Msinkhu wace ndi mamita 48, makomo ace apansi anali 80, ndi anthu okhalamo nthawi imodzi anali monga 50,000. Masewera ace anali a mwazi. Amuna, ambiri a iwo akapolo ndi ogwidwa kunkhondo, anamenyana ndi malupanga. Mikango, anyalugwe ndi zirombo zina zogwidwa ku Afrika anazisunga m'zipinda za pansi, nazikweza ndi zingwe kuti ziphedwe kapena ziphe anthu, khamu lirikuomba m'manja. Ambiri ayesa kuti Nero anazunzira Akristu m'menemo. Koma iai, pakuti cizunzo ca Nero cinadza utapsya mudzi caka ca 64, ndipo iye anafa caka ca 68, cinyumbaci cisanamangidwe. Akristu aja anaphedwera m'minda yace, tsidya lija la Tiber. Caka ca 1349 cibvomezi cinagwetsa mbali ya kumwera. Ndipo zaka zambiri anthu a m'mudzimo anatuta miyala yace kukamangira nyumba zao ndi machalichi, nazula zitsulo zolumikiza miyala, cifukwa cace makoma ace ali maenje okha okha. Amene anapasula cinyumbaci koposa si adani, koma eni ace.

Cimene cinandikondweretsa koposa m'menemo ndi ici. Pali mwala wina waukuru umene poyamba unali ndi zilembo za mkuwa zokhomera ndi misomali. Zilembozo zinazulidwa kale lomwe, natsala maenje a misomali okha. Ndipo anthu anapenya mwalawo zaka zambiri osazindikira cimene maenjewo anena. Koma mphunzitsi wina, dzina lace Géza Alföldy, anayesa maenjewo limodzi limodzi, nalingalira kuti ndi cilembo citi cikhomeka ndi misomali yoima cotere. Ndipo caka ca 1995 analengeza mau amene anatayika, akuti mfumu inalamula kuti nyumbayo imangidwe ndi cuma cofunkha kunkhondo. Nkhondo yaikuru ya masiku amenewo inali ya ku Yudeya. Motero ophunzira ambiri abvomerezana kuti cuma ca Yerusalemu ndico cinamanga bwalo la mwazi lija. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo munthu wodekha anawerenga mau m'maenje a misomali.

Komatu musayese kuti mwala unena zoona nthawi zonse. M'bwalo lija la Forum muli cipata cina comangidwa caka ca 203 kulemekeza mfumu Septimius Severus ndi ana ace awiri, Caracalla ndi Geta. Severus ameneyu anali mwana wa Afrika, wobadwira ku Leptis Magna, m'dziko limene lero ndi Libya, nalamulira Roma kuyambira 193 kufikira 211. Iye atafa, Caracalla anapha mphwace Geta caka comweco, nalamula kuti dzina lace lifafanizidwe pa miyala yonse. Amisiri anapala mzere wa dzinalo naikapo mau ena otamanda. Koma cipsyera cace cioneka kufikira lero. Ndipo pali ena amene maina ao sanafafanizidwe, pakuti sanalembedwe konse. Ndiwo akapolo ndi osauka amene anaphwanya miyala, naumba njerwa, nasenza akatundu pa makwerero. Pa zipata zonsezo tinawerenga maina a opambana okha okha. Mbiri yolembedwa ndi mfumu iri ngati mlandu woweruzidwa atamva mbali imodzi.

Inu amai amene mulawirira ku mjigo ndi kucitsime, imvani za madzi. Aroma anamanga ngalande 11 zazikuru zotengera madzi ku akasupe a kutari kufikira m'mudzi. Madziwo anayenda okha, pakuti amisiri anatsetsereza ngalande pang'ono pang'ono njira yonse, pena pansi pa nthaka, pena kuboola phiri, ndi pena pamwamba pa zipilala zazitali podutsa cigwa. Imodzi, yochedwa Aqua Claudia, inatha caka ca 52, ndi utali wace makilomita monga 69, ndiko kuposa mtunda wa ku boma la Dowa kunka ku Lilongwe; zipilala zace ziimabe m'minda kunja kwa mudzi. Caka ca 537 ankhondo ochedwa Goths, pozinga Roma, anadula ngalandezo. Ndipo popeza mphamvu yakuzikonza zonse inatha, anthu anasiya mapiri pang'ono pang'ono natsikira kufupi ndi Tiber, ndi mudzi uja wa anthu 1,000,000 unacepa kufikira osakwana 50,000. Koma imodzi, Aqua Virgo, yomangidwa zaka 19 Kristu asanabadwe, anaikonzakonza, ndipo ithirabe madzi lero pa kasupe wochuka wa Trevi. Mudzi suima ndi makoma. Uima ndi madzi, ndi anthu osamalira cimene anasiya makolo. Ifenso ticidziwa ici tikaona mjigo wakufa cifukwa ca kacitsulo kamodzi kosowa wogula.

Tsiku lina tinaona phiri loumbidwa ndi manja a anthu, lochedwa Testaccio, la msinkhu wa mamita 35. Lonselo ndi dzala la mapale. Mafuta a azitona anadza m'zombo, makamaka kucokera ku Spain, m'mitsuko yaikuru; ndipo atatsanula mafuta, mitsuko anaiphwanya, naunjika mapale mwadongosolo, nawaza njereza kuletsa pfungo. Anatero zaka zoposa 200, kufikira mitsuko yosweka inaposa 50,000,000. M'zaka za m'ma 1870 Heinrich Dressel wa ku Germany anayamba kuwerenga zolembedwa pa mapalewo, ndizo kulemera kwa mafuta, dzina la wamalonda, ndi caka cace. Motero dzala lauza anthu za malonda ndi zakudya za Aroma, zimene zipata za mafumu sizinena. Ndinatola nzeru pamenepo, kuti phale la pa bwinja liyenera ulemu.

Tsiku lotsiriza tinaturuka m'mudzi kukayenda pa mseu wa Appia, umene Appius Claudius anayamba kumanga zaka 312 Kristu asanabadwe. Miyala yace yakuda, yaikuru ngati malicero, igona pomwe anaiika, ndipo pena pace paoneka mikwingwirima ya njinga za magareta. Mseu umenewu unamangidwira asilikari. Koma pa iwo omwe anayenda Paulo ali wandende, monga caka ca 60, atatsika m'combo ku Potiyolo. Ndipo buku la Macitidwe litiuza kuti abale a ku Roma anamcingamira ku Bwalo la Apiyo, mtunda woposa makilomita 60, ndi kuti iye powaona analimba mtima. Ndinabvula nsapato zanga ndi kuponda miyalayo ndi mapazi. Pambali pa mseuwo tinatsikira m'manda a pansi pa nthaka a San Callisto, m'mene Akristu oyamba anaika akufa ao m'makoma a njira zopapatiza, zokwana makilomita monga 20. M'menemo muli maina a anthu wamba, a amai ndi a tiana, ndi zizindikiro za nsomba, nangula, ndi mbusa wosenza nkhosa. Manda amenewanso anaiwalika zaka mazana ambiri. Koma caka ca 1849 mnyamata wina, Giovanni Battista de Rossi, anaona m'munda wa mpesa cibenthu ca mwala cokhala ndi mbali ya dzina la Cornelius, woyang'anira mpingo wa ku Roma amene anafa caka ca 253. Anaumirira kuti mundawo ugulidwe ndi kukumbidwa, ndipo anapeza manda aja, ndi cibenthu cinzace comwe.

Za kugwa kwa ufumuwo ndinena mwacidule. Caka ca 313 mfumu Constantine inalola Akristu kupembedza poyera. Caka ca 410 Alaric analowa m'Roma ndi ankhondo ace naufunkha. Ndi caka ca 476 mfumu yotsiriza ya kumadzulo inacotsedwa pa mpando. Mbiri ya 410 itamveka, anthu ananjenjemera monga dziko latha. Ndipo amene analemba kuwalimbitsa anali munthu wa ku Afrika, Augustine wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anaphunzitsa kuti midzi ya anthu ipita, koma mudzi wa Mulungu ukhala. Mwa nyumba zazikuru za Aroma akale, imodzi ndinaiona iri ndi denga lace lomwe, ndiyo Pantheon, yomangidwa monga caka ca 125, ya denga lozungulira la mamita 43 m'mimba mwace. Inapulumuka cifukwa caka ca 609 inasanduka chalichi, ndipo anthu sanaleke kulowamo. Nyumba yokhalamo anthu siigwa msanga.

Tsono tibwerere kwathu, tiyankhe funso la mkuru wa mpingo uja. Bwinja la Roma lilankhula pa zifukwa ziwiri: eni ace analemba, ndipo pambuyo pao panauka anthu odekha amene anafunsa, nakumba, nawerenga. Makolo athu sanalembe pa miyala. Mbiri yao anaisunga m'mitima ya okalamba, naipereka pamoto usiku ndi pabwalo la milandu. Njira imeneyo inali yabwino masiku amene ana anakhala pansi kumvera. Koma lero ana ali kusukulu, anyamata ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, ndipo madzulo maso onse ali pa foni. Mwala wa Titus wadikira owerenga zaka zoyandikira 2,000, ndipo ungadikirebe. Koma agogo sadikira.

Ndipo si kuti tiribe mbiri. M'zaka za m'ma 1800, nkhondo za Angoni zitafika, Acewa ambiri anasiya minda yao ya m'zigwa nathawira m'mapiri ndi m'nkhalango ya Ntchisi, ena namanga malinga. Angoni a Chiwere anakhazikika m'mapiri a Dowa. Ndipo m'dziko la Chiwere ndimo Andrew C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga Mvera caka ca 1889, ndi Robert Blake anayamba Kongwe caka ca 1894. Pafupi ndi Mvera pali phiri la Kaso, limene likumbukika cifukwa ca nchito ya William H. Murray yomasulira Buku Lopatulika, loturuka caka ca 1922. Iye anathandizidwa ndi aphunzitsi a kuno, koma kodi ana athu adziwa maina ao? Ndiri mnyamata, atsibweni anga anandikweza pa phiri lina la kwathu, nandionetsa timalo tosalala pa citunda, nati, "Mphwanga, apa panali nyumba ya agogo a amai ako, apo panali nkhokwe, njira ya kumadzi inali iyo, ndipo akazi ankatunga usiku cifukwa ca nkhondo." Koma tsidya lija la kamtsinje panali bwinja lina, ndipo nditafunsa mwini wace, anangopukusa mutu nati, "Odziwa zimenezo anali atsibweni athu, ndipo anapita nazo." Mbadwo umodzi wokha unakwanira kuti mudzi wonse ufafanizike, popanda Caracalla wolamula.

Alipo ena a mtundu wathu amene anationetsa njira. Mphunzitsi Samuel Nthara, amene buku lace Nthondo linapambana mphotho caka ca 1933, anafunsa okalamba nalemba Mbiri ya Acewa. Analembanso moyo wa Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'Dowa muno, ndipo T. Cullen Young anaumasulira m'Cingerezi caka ca 1949. Cifukwa ca iye, Msyamboza adziwika lero tsidya la nyanja, pamene mafumu anzace ambiri atsala maina a midzi cabe. Ndiponso ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali mzinda wa Kalonga, Yusuf Juwayeyi anakumba m'nthaka napeza mikanda, mkuwa, minyanga ya njobvu, ndi zibenthu za mbale zocokera ku China. Taonani, dzala la Amaravi nalonso lilankhula, likapeza munthu wolifunsa. Ndipo linena kuti makolo athu anacita malonda ofika kutari Azungu asanabwere.

Kapena wina adzati, Nanga Mkristu ali nazo ciani zinthu zakale za mumdima? Tiyeni tipenye za kutsogolo. Mbale wanga, tsegula Buku lako. Muli mitu yathunthu ya maina a makolo, abwino ndi oipa omwe. Muli maina a zitsime, a zigwa, ndi a malo amene anthu anagonapo paulendo. Luka pofotokoza za Ambuye anachula mafumu olamulira masiku amenewo, kuti wowerenga adziwe nthawi yace. Yoswa ataoloka Yordano anaimika miyala 12, ndi colinga cakuti ana akadzafunsa tanthauzo lace, makolo akhale ndi coyankha. Munthu wosadziwa kumene Mulungu anamcotsa sadziwa kuyamika. Mwana wa Acewa ndi mwana wa Angoni amene lero akhala pa benci limodzi ndi kumwera cikho cimodzi, adzazindikira bwanji ukuru wa cisomo cimeneco ngati sadziwa kuti agogo ao analasana pa mapiri omwewa?

Cifukwa cace ndipempha cinthu cacing'ono, cosafuna ndege kapena ndalama zambiri. Mpingo uli wonse ugule kope limodzi lolimba, ndi kusankha anyamata ndi atsikana awiri atatu odziwa kulemba bwino. Amenewa apite kwa okalamba ndi ulemu, akhale pansi, asathamange. Afunse kuti mudzi uno unacokera kuti, unasamuka kangati ndi cifukwa ninji, mabwinja ace ali pati, ng'anjo zakale za citsulo zinali kuti, ndani anayamba sukulu, ndi ndani anabatizidwa poyamba. Alembe tsiku, ndi dzina la wonena. Afunse amai okalamba makamaka, pakuti mwa ife Acewa mbumba iwerengedwa kucikazi. Asalembe mafumu okha, monga anacita Aroma pa zipata zao. Alembe monga Akristu a m'manda a pansi, maina a osula, oumba mbiya, onyamula akatundu, ndi a iwo amene anagwidwa ukapolo osabweranso. Okalamba awiri akasiyana mau, alembe zonse ziwiri, osapala mzere wa wina. Kopelo lisungidwe pamodzi ndi mabuku a mpingo, kutari ndi ciswe. Ndipo polima pa bwinja, mphero ndi mapale tisaziphwanye dala. Njerwa za nyumba zakale za misyoni tisazitute usiku. Ndi chalichi cakale cikacepa, ticipatse nchito yina, cisakhale cotsekedwa.

Cinthu cimodzi cotsiriza. Zilembo zimene mulikuwerenga pa tsamba lino ndizo za Aroma. Mwezi wa Julaye unachedwa dzina la Julius Caesar, ndi wa Ogasiti dzina la Augusto. Asilikari ao anatha, mafano ao anagwa, ng'ombe zinadya pa bwalo lao. Koma zilembo zija zinayenda mibadwo ndi maiko, kufikira zinafika ku Mvera pa sileti la mwana wa sukulu. Ici ndico colowa cimene ufumu uja unatisiyira osadziwa. Ndipo ciri m'manja mwa mwana ali yense wa m'mudzi mwathu. Akuru anati safunsa anadya phula. Abale, nyamulani kope ndi pensulo, mupite kwa agogo mwezi uno, akali ndi mau.